Mtsikana wa Deresi Lachikasu

Kenza anakumana ndi Jalil pa tsiku loyamba la ntchito. Situdiyo ya Madamu Zhor ili m'chipinda chapamwamba m'nyumba ina yakale ku Maarif, mu Casablanca muno, ndipo ntchito yake ndi yoyeretsa mafilimu akale. Kenza anamulemba kuti azikonza zithunzi. Jalil anali wa mawu.

Anamupeza atavala mahedifoni, akugwedeza mutu ngati wodwala dzino. Atamuona anawavula n'kunena kuti, "Ntchito yanga ndi yochotsa phokoso, koma mtima wangawu wayambitsa lina loti makinawa sangalithe."

Mawu otchipa, ndikudziwa. Ndikanakhala ine ndikanamuuza kuti akawagulitse kumsika. Koma Kenza anaseka, ndipo pomafika nthawi ya tiyi anali atapatsana kale manambala.

Chaka chimenecho kunabwera ntchito yaikulu. Anthu ogwetsa nyumba ina yakale ya kanema anapeza zitini zinayi za filimu, ndipo munali chionetsero cha Ana a Doko cha mu 1978. Ana a Doko anali anyamata asanu atsitsi lalitali, oimba nyimbo za roko ndi magitala amagetsi. Tonsefe tinaonerapo chionetserocho pa matepi okoperana, zithunzi zili mbuu, mawu ngati wailesi ya pamvula. Chimene aliyense amakumbukira ndi mtsikana wa deresi lachikasu, amene pakati pa nyimbo anakwera pansanja, nalanda maikolofoni, naimba mpaka woimba gitala anamukumbatira pamaso pa anthu zikwi zitatu. Nkhope yake sinkaoneka. Kwa zaka zoposa makumi anayi palibe anadziwa kuti anali mwana wa yani.

Kenza ankachotsa mizere ndi madontho chithunzi chimodzichimodzi. Jalil, kuseri kwa khoma, ankalekanitsa ng'oma ndi gitala, gitala ndi khamu la anthu. Khoma lokhalo ndiye linkawalekanitsa, komabe mameseji ankangouluka.

"Chiwindi changa, wadya?" ankalemba Kenza, poti kuno wokondedwa timamutcha chiwindi.

"Mwezi wanga, ng'oma zayera. Zikugunda dzina lako."

Patatha miyezi isanu Jalil anati adzabwera ndi mayi ake kudzaonekera kwa makolo a Kenza. Anasankha Lachisanu lomaliza la mweziwo.

Kutatsala milungu itatu, Kenza anafika pa mtsikana uja. Filimu yeniyeniyo inali itasunga zonse zimene matepi anataya. Anachotsa chifunga, nawonjezera kuwala, nkhope n'kuyamba kutuluka pang'onopang'ono. Kunabwera maso, kenako kampata pakati pa mano, kenako chipsera chaching'ono chodula nsidze yakumanzere.

Kenza anaimitsa filimuyo. Chipsera chimenecho ankachiona m'mawa uliwonse. Anali mayi ake.

Mayi Rabia, amene satsegula khomo opanda mpango kumutu! Mkazi wa a Haj Bouchaib, ogulitsa nsalu ku Derb Sultan, amene amanyadira pagulu kuti anakwatira mtsikana woti dzuwa lokha ndilo linkamudziwa nkhope! Bambo akewo si munthu wa ndewu. Choopsa chawo n'chakuti akatseka mtima satsegulanso. Mng'ono wawo weniweni sanamulankhule zaka khumi ndi ziwiri chifukwa cha bodza limodzi.

Kenza anathamangira kwa Jalil. Anamuuza zonse. Jalil anamuveka mahedifoni. Pansi pa mkokomo wa anthu, pamene kale pankangomveka phokoso, tsopano pankamveka woimba gitala akufuula bwino lomwe, "Rabia wa ku Derb Sultan, imba!"

"Ndinalimva dzulo," anatero Jalil. "Sindinaganize kuti ndi iwowo."

Kenza analira. Anamupempha kuti alikwirire dzinalo, ndipo iye abwezeretsa chifunga pankhope. Jalil anamugwira manja onse awiri.

"Ndikulumbira pa maso a mayi anga. Dzinali ndilimiza m'phokoso moti ngakhale ine sindidzalipezanso. Mayi ako ndi mayi anga. Usaope, chiwindi changa."

Tsiku lomwelo Kenza anafufuta ntchito yake ya mlungu wathunthu, napanga ina yokhala ndi nkhope yosaoneka, n'kuipereka kwa Jalil, poti ndiye ankalumikiza mawu ndi zithunzi pomaliza.

Koma mantha sanachoke. Kunyumba ankayang'ana mayi ake akukanda ufa wa buledi, n'kumadzifunsa kuti kodi pakamwa pomwepa ndi pamene panatuluka mawu aja? Foni ya bambo ake ikalira, mtima unkati phaa. Chakudya ankangochisiya m'mbale. Mayi ake ankaganiza kuti ndi nkhawa ya chinkhoswe, ndipo ankamuseka kuti aonda mpaka mkanjo wa tsikulo udzamuvuka.

Akafunsa Jalil, yankho linkabwera msanga. "Zatheka kalekale, mwezi wanga. Gona mtima uli m'malo."

Lachisanu lija m'mawa, Kenza anapeza anzake atazungulira kompyuta ya Madamu Zhor. Madamu anamukumbatira. Anati filimu yawo yasankhidwa kukatsegulira chikondwerero cha mafilimu ku Ulaya, ndipo kachidutswa kolengeza kanaikidwa pa intaneti dzulo madzulo. Anthu zikwi makumi anayi anali ataonera kale.

Anakayatsa. Ng'oma zinagunda ngati zili m'chipindamo. Deresi linali lachikasu ngati dzira. Kenako nkhope ya mayi ake inadzaza galasi lonse, chipsera chili poyera, ndipo dzina lija linamveka kuposa gitala.

"Ntchito yako ndi yodabwitsa, mwana wanga," anatero Madamu. Anafotokoza kuti Jalil anati Kenza anafufuta mwangozi, ndiye Jalilyo anakatenga yoyera ija m'makina osungira zonse, n'kutumiza ku Ulaya pa 8.

Pa 8. Lumbiro lija linali la pa 7.

Kenza anamupeza Jalil pa masitepe akusuta. Jalil sanakane n'komwe. Anati popanda nkhope ija ndi dzina lija filimuyo ikanakhala ngati ina iliyonse, ndipo mwayi wotere subwera kawiri. Anati ankafuna kumuuza chinkhoswe chikadutsa.

"Milungu itatu, Jalil. Tsiku lililonse umandiuza kuti zatheka."

"Ndimafuna usamadandaule. Tamvera, mayi ako anaimba bwino kuposa gulu lonse lija. Dziko liyenera kuwamva. Bambo ako akwiya masiku awiri, basi."

"Bambo anga ukuwadziwa iwe?"

"Ndiwadziwa madzulo ano," anatero, n'kumwetulira ngati wanena zanzeru.

Kenza anatsika masitepe osatenga n'chikwama chomwe cha chakudya. M'kasitima ka mumsewu, anyamata awiri pafupi naye ankaonera kachidutswa komweko. Mayi wina wachikulire anasuzumira n'kunena kuti nkhopeyo akuidziwa, koma wangoiwala kuti ndi ya kuti. Kenza anatseka maso. Akawauza chiyani mayi ake? Nanga bambo ake, amene nthawi imeneyo anali ku mzikiti pakati pa amalonda onse a mumsewu wawo, aliyense ndi foni m'thumba?

Atafika kunyumba anapeza mbale yaikulu ya kusikusi, chakudya chathu cha Lachisanu, ili kale patebulo, nthunzi ikutuluka. Mayi ake anali atakhala pambali, foni ili pamiyendo. Azakhali anali atawatumizira kachidutswa kaja.

"Ndiwe unayeretsa?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndinayesa kubisa, amayi. Ndikhulupirireni."

"Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri," anatero mayi ake, osamuyang'ana. "Ndinanamiza agogo ako kuti ndikupita kwa msuweni. Nditaona tepi ija ilibe nkhope, ndinathokoza Mulungu. Ndakhala ndikumuthokoza mpaka m'mawa uno."

Kiyi analira pakhomo. Onse awiri anaimirira.

A Haj Bouchaib analowa ndi mkanjo wawo woyera wa Lachisanu. Sanavule nsapato. Anayang'ana mbale ija, kenako mkazi wawo.

"Andionetsa pakhomo pa mzikiti," anatero. "Ndawauza kuti ndi zopanga za makompyuta. Ndakukanira pamaso pa anthu makumi awiri, Rabia. Tsopano undiuze wekha."

Kenza anafuna kulowererapo. Akanatha kunena kuti ndi zoona, makina amasokoneza nkhope, ndipo bambo ake ankaoneka kuti akufuna kumva zimenezo. Koma mayi ake anamugwira mkono.

"Ndine, a Haj. Ndi ineyo ndikuimba pamenepo."

Bambo ake sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Analowa kuchipinda, natuluka ndi bulangeti, mkeka wopempherera ndi mankhwala awo a shuga. Pakhomo anaima pang'ono.

"Nyimboyo si kanthu," anatero. "Koma zaka zonsezi ndikamadzitama pagulu, iwe unkandithirira tiyi uli chete."

Anatseka chitseko pang'onopang'ono, n'kupita kukakhala kusitolo. Mayi ake anatenga mbale ina navundikira mbali imene amuna awo amadyera, ngati kuti angochedwa. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kulira mopanda mawu.

Cha m'ma faifi belu linalira. Anali Jalil, atavala suti, maluwa ali m'manja. Kumbuyo kwake kunali mayi ake, nkhope yachimwemwe, atanyamula mulu wa shuga wokutidwa m'pepala labuluu, uja amabwera nawo anthu odzapempha mkazi. Zinali zoonekeratu kuti mayiwo sanauzidwe kanthu.

"Chiwindi changa," Jalil ananong'ona, "tilowe tikambirane ngati banja."

Kenza anawapsompsona mayiwo dzanja, poti analibe mlandu. Iwo anamupatsa shuga uja. Anamulandira, anamva kulemera kwake, ndipo mtima unamupweteka koopsa chifukwa mnyamatayo ankamukondabe. Kenako anabweza shugayo m'manja mwawo.

"Pepani, amayi. Shuga ameneyu amalandira ndi bambo a m'nyumba, ndipo m'nyumba muno bambo mulibe. Mwana wanuyu akuuzani kumene apita."