Laputopu Imene Folarin Ankabisa

"Morenike, mwamuna wofotokoza matenda pakamwa, wodwalayo n'kumamubisa m'chikwama, umuope!" Anatero agogo ake. Kodi mwanayo anamva? Anangoseka, n'kuthamangira kuntchito. Ana a masiku ano!

Komatu manja anali nawo mtsikanayo. Mu msika wonse wa makompyuta wa Computer Village, laputopu ikakanika amuna a ndevu zawo, ankangoti, "Pitani nayo kwa Morenike."

Mwamuna wina, Folarin, anakumana naye pa siteji ya minibasi zotchedwa danfo, pansi pa mlatho wa Ikeja, mvula ikukhuthuka.

"Achemwali, malaya anuwo akuti mumakonza makompyuta. Nanga mtima mumakonza?"

"Mtima pitani nawo kuchipatala, achimwene."

Folarin anaseka, mpata wa mano ake uli poyera. "Chabwino. Laputopu yanga yakalamba. Pasikirini pakutuluka mizere yobiriwira, zithunzi zikunjenjemera."

"Mukaweramitsa chivundikiro, mizereyo imasintha?"

"Imasowa, kenako n'kubweranso."

"Ndiye mwina ndi kachingwe kodutsa pahinji, popindikira chivundikiro, katha. Ikanakhala kuti imatero ikatentha, ndikanati kachipu kojambula zithunzi kakufa. Tulutsani ndiione."

Folarin anakumbatira chikwama. "Muli zinsinsi za kuofesi, duwa langa."

Duwa langa! Tsiku loyamba lomwelo!

Miyezi itatu inatha. Suya, nyama yowotcha ija, Folarin ankamugulira, ku danfo ankamuperekeza, foni osapuma. "Wapamtima, lero mizere yakwana isanu, koma maso anga akuona iwe wekha." Mawa lake: "Ndikulonjeza, Khirisimasi isanafike mphete ili pachala chako." Koma laputopu yokha ayi, sinatsekulidwepo pamaso pa Morenike.

Bambo Nnamdi, eni shopu imene Morenike ankagwiramo ntchito, ankamuseka. "Injiniya, kasitomala wako wa pakamwa uja wabweranso!"

Morenike sankamva za munthu. Folarin atanena kuti Lamlungu adzabwera kudzaonekera kwa makolo, mtsikanayo anaitana azakhali ake a ku Ikorodu, agogo n'kugula nyama ya mbuzi uku akung'ung'udza.

Lachisanu masana Folarin analowa m'shopu thukuta lili kamukamu.

"Bebi, yafa! Sikirini yangoti bii! Lolemba abwana akufuna ntchito yawo. Ndithandize, mayi wa ana anga."

Anaiika patebulo mopanda mantha. Sikirini yakufa ingaulule chiyani? Sankadziwa kuti pashopu imeneyo sikuluu samasula asanayese laputopu pa sikirini ina. Ikaonetsa mizere kumenekonso, ndiye kuti kachipu kapita. Ikaonetsa bwino, vuto lili kuchivundikiro. Ndipo sikirini yoyesera ya Bambo Nnamdi inali chimphona cha pakhoma, choyang'ana kumsewu, chimene ogulitsa mafoni ankaonerapo mpira.

Morenike anayatsa, n'kutchera khutu. Kafani kankazungulira. Analumikiza chingwe cha sikirini ya pakhoma ija.

Khoma linawala.

Folarin uyo, ali mu agbada, mkanjo woyera wa pachikondwerero! Pambali pake mayi wa gele, duku lalikulu lagolide, mimba ili patsogolo, mphete ili pachala, Folarin akumupsompsona pachipumi. Paphewa pake kamtsikana kakuseka, mpata wa mano ndi womwewo. M'munsi munalembedwa: "Zaka zisanu, mwamuna wanga."

"Eee, bwana, madamu anu ndi chiphadzuwa!" anakuwa wogulitsa mafoni wina panja, osadziwa kanthu.

"Ndi mlongo wanga ameneyo!" anatero Folarin.

"Mlongo wako amakutcha mwamuna wake?" anafunsa Bambo Nnamdi. "Kwanu n'kuti, iwe?"

"Morenike, wapamtima, zimitsa ndikufotokozere!"

Kodi mukuganiza kuti Morenike analira? Kodi anamuponyera laputopu kumaso? Ayi ndithu. Mwana uja analeredwa! Anayang'anitsitsa khomalo ngati mmene amayang'anira ntchito ina iliyonse, ngodya ndi ngodya.

"Bambo," anatero, "chithunzi chatuluka choyera, chopanda mzere ngakhale umodzi. Kachipu n'kabwinobwino. Ndi kachingwe."

Bambo! Osatinso wapamtima.

Anamasula tisikuluu, n'kutindandalika bwinobwino. Anatulutsa kachingwe, kali kothyoka pahinji penipeni, n'kukaonetsa anthu amene anali atadzaza pakhomo. Anaika katsopano, n'kuyatsa, ndipo banja lonse la Folarin linawala pa sikirini yakeyake.

"Musamainyamule pogwira chivundikiro," anatero pomupatsa. "Mukapereke moni kwa mayi a kunyumba."

Folarin anatuluka mutu uli pansi, anthu akumuwowoza mpaka kumsewu wa Otigba.

"Uyu ndiye injiniya!" anafuula Bambo Nnamdi, akumenya patebulo. "Akazi ndi amuna, mwaona?"

Morenike anamaliza malaputopu ena awiri tsiku limenelo. Misozi inadikira mpaka danfo itadutsa Oshodi, ndipo itayamba sinaleke.

Koma Lamlungu silinadikire. Azakhali anafika kuchokera ku Ikorodu, ma gele ali neng'a, akuimba kuchokera kuchipata. Mpunga wa jollof unapsa, mbuzi inapsa, mpando wa mlendo anauyalira nsalu yatsopano. Ndipo Morenike, maso ali otupa, anaimirira yekha pakati pa abale ake onse, n'kuwauza ndi pakamwa pake kuti palibe amene akubwera.