Rukia ndi Tsamba la Ndevu Ziwiri

Rukia amakhala ku Golomoti. Tsiku lina Rukia anali ndi nkhawa. Amayi ake anali atatuluka m'chipatala ku Mua, koma sankadya. Phala ankakana. Usipa ankakana. Ngakhale nthochi ankakana.

"Amayi, mtima wanu ukufuna chiyani?" anafunsa Rukia.

"Thelele la denje, mwanangu," anayankha motsitsa.

Denje limamera kudambo mvula ikagwa. Lili ndi kaduwa kachikasu. Rukia ankadziwa zokhazo.

Anatenga dengu nathamangira kudambo. Matope anamulanda patapata imodzi. Iye sanasamale. Anaona kaduwa kachikasu. Anathyola, nathyola, nathyola. Dengu linadzaza. Komatu kuthamanga si kufika.

Amalume ake, a Laisoni, ankazulira udzu mumpunga. Anasuzumira m'dengumo.

"Kodi mayi ako adya tsache lero?" anatero akuseka.

Zinali zitsamba zosesera pabwalo. Nazonso zili ndi kaduwa kachikasu. Rukia anachita manyazi. Misozi inalengeza m'maso.

A Laisoni ananjuta pambali pake. Anamuuza kuti duwa lokha silikwanira. Ayang'anenso tsamba. Tsamba la denje lili ndi tindevu tiwiri kumunsi. Ukalitikita ndi zala, limananda.

Rukia anayambiranso, pang'onopang'ono.

Apa kaduwa kachikasu. Tindevu palibe. Anasiya.

Apo kaduwa kachikasu. Tindevu palibe. Anasiyanso.

Pafupi ndi chithaphwi panali kaduwa kena. Rukia anawerama. Kandevu kamodzi. Kandevu kachiwiri. Anatikita tsamba. Zala zinananda.

"Amalume, ili ndi denje!"

Anathyola masamba anthete okhaokha. Denje lomwe linali litabereka tinyemba tatitali ta njere analisiya. A Laisoni anati denje limauma m'chilimwe. Njere zake zimagona m'nthaka. Mvula ikabwera, zimadzuka.

Kunyumba, abambo anaphika thelele ndi chidulo. Rukia anapatsira amayi m'kambale.

Amayi ananunkhiza. Analawa pang'ono. Analawanso. Kambale kanatsala mbee.

"Kodi mumphika mwatsala lina?" anafunsa amayi.

Rukia anathamangira kukhitchini, patapata imodzi kumwendo. Ulendo uno amayi ndiwo anaseka.