Tsiku limene apongozi anamuyang'ana kumaso

Anthu a ku Masongola anamuseka Henderson atamva kuti wabwereka matenti awiri kuti akagone kuphiri. Munthu wa nyumba yamalata kukagona m'nsalu ngati wothawa madzi osefukira? Koma iye anali ndi chifukwa chake. Malemu mkazi wake, Mavis, ankalakalaka kuti tchuthi china adzakwere phiri la Zomba, mwana wawo Ellah akaone kumene mtsinje wa Mulunguzi umachokera. Mavis anapita osakwera. Ellah anali mwana wopeza. Henderson anamupeza akukwawa, bambo ake omubereka atalowera ku Joni osatumizanso ngakhale moni. Tsopano anali mu sitandade folo, ndipo adadi ena sankawadziwa.

Chimene chinkamudya mtima Henderson n'chakuti akuchikazi anali atayamba kunong'onezana zomutenga mwanayo. Ndiye anaitana apongozi ake a Malita ndi alongo ake a malemu, a Stambuli, kuti akaone okha mmene mwana amasangalalira ali ndi iye. Ankaganiza kuti mwina mitima ifewa.

Anafika nkhungu isanachoke m'mitengo ya paini. Henderson anakhoma tenti ya apongozi patali, khomo kuloza kumtsinje, yake kuloza kumsewu. Chikwatirireni, iye ndi a Malita anali asanayang'anizanepo kumaso. Akakumana panjira mmodzi ankapatuka, mawu onse ankadzera mwa Mavis. Ulemu wa mkamwini ndi umenewo, ndipo iye ankaunyadira.

Masana Ellah anabwera kuchokera kumtsinje milomo ili psuu ndi mabulosi, n'kutsamira Henderson amene ankawotcha nyama pambaula.

"Ellah, kawapatse agogo chiwindi ichi," anatero Henderson.

Koma a Malita anadzuka okha, anabwera pambaulapo n'kukhala pamwala moyang'anizana naye. Anamuyang'ana m'maso, natambasula dzanja.

"Ndipatse wekha, Henderson."

Foloko inagwera pamakala. Wosadziwa akanati n'chikondi, koma Henderson anadziwa tanthauzo lake. Mayi satchula dzina la mkamwini, samuyang'ana kumaso, pokhapokha ngati ukamwini watha.

"Amayi, ndalakwa chiyani?"

"Simunalakwe, alamu," anayankha a Stambuli. "Tinakhala pansi ngati mbumba. Mwalira mokwanira, takusudzulani. Mukadali mnyamata, kakwatireni. Koma mwana ndi wathu, titsika naye lero kwathu ku Mbedza."

"Mwabwera kudzandisudzulira kuphiri kuno? Pamene Ellah ankadwala chikuku munali kuti, alamu? Amamuluka tsitsi Lamlungu ndani? Ine mwamuna ndinaphunzira kuluka chifukwa cha mwana ameneyu."

"Nanga mukakwatira? Mkazi wanuyo adzalera mwana amene si wake, si wanunso? Tisanamizane."

A Malita anayamba kulira. "Mavis ndinamutaya. Chatsala n'kamwana aka basi. Usandimane, mwanawe."

Henderson anagwada paudzu wonyowa, analira pamaso pawo osabisa. Anapempha kuti mwana amalize kaye chaka cha sukulu. Anakana. Anapempha teremu imodzi yokha, a Stambuli anangonyamuka kukaliza galimoto yawo.

Ellah anali atamva zonse. Anathawira mu tenti n'kutseka zipi. A Stambuli anabwerera, anatsegula, n'kuyamba kumukoka mwendo. Mwana anakuwa mpaka anthu a m'matenti ena anasuzumira.

"Musamukoke," anatero Henderson. "Sanakokedwepo chibadwire ameneyu. Ndisiyireni ine."

Analowa mu tentimo, anamupukuta misozi ndi malaya ake, anamuveka juzi poti kunja kunkazizira.

"Bwera ndikubereke, mama."

Ellah anakwera kumsana n'kugwira khosi mwamphamvu. Mumtima mwake ankati akuthawa, adadi ake akamubisa kunkhalango. Henderson anayenda pang'onopang'ono, misozi ikutsikira m'ndevu, mpaka pagalimoto. Anamukhazika pampando pafupi ndi agogo ake, namasula zala zake pakhosipo chimodzichimodzi. Kumeneko kunali kudzichotsa mtima ndi manja ake omwe, koma sakanalola kuti mwana wake achoke akukhwekhwerezedwa.

Ellah sanalirenso. Anangomuyang'ana.

"Inunso, adadi?"

A Stambuli anamenyetsa chitseko, galimoto inayamba kutsika phiri.