Bedi la Kanyerere Lasowa Malo

Panali kamtsikana kena kakang'ono. Onse ankamutcha Kanyerere. Kanyerere ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna bedi lakelake.

Kanyerere ankagona ndi Achemwali ake. Masana, Achemwali anali munthu wabwino kwambiri. Koma akangogona, inu! Mwendo uku, mwendo uko. Theche pamsana. Theche pamimba. M'mawa Kanyerere ankadzuka ali pansi.

"Achemwali, mwandigwetsanso," anadandaula Kanyerere.

"Ine?" anatero Achemwali. "Ine ndimagona mwaulemu."

Loweruka m'mawa kunamveka belu la njinga. Anali Amalume. Amalume ndi kalipentala. Pensulo kukhutu, utuchi kumutu. Panjinga anamangirira bedi latsopano.

"Kanyerere, bwera udzaone," anaitana Amalume. "Ili ndi lako."

Kanyerere analumpha. Analigwira. Analinunkhiza. Linkanunkhira matabwa atsopano.

Amayi anatuluka m'nyumba. Anayang'ana bedi. Anayang'ana Amalume.

"Achimwene, chipinda chija munachiyeza?"

"Ndinachiyeza ndi maso," anayankha Amalume. "Maso anga sanama."

"Nanga likapanda kukwana?"

"Ndibwerera nalo. Kuli mayi wina akulifuna."

Mayo! Kanyerere anagwiritsa bedi lija. Bedi lake lipite kwa mayi wina? Ayi ndithu.

Chipinda chinali chaching'ono. Munali bedi lalikulu la Achemwali. Munali kabati ya zovala. Munali zenera limodzi ndi chitseko chimodzi. Malo otsala anali ochepa zedi.

Ababa anagwira bedi kutsogolo. Amalume anagwira kumbuyo.

"Kwezani, alamu!" anatero Ababa.

"Tsitsani, alamu!" anatero Amalume.

"Chala changa, alamu!" anakuwa Ababa.

Bedi linalowa. Analikoka. Analikankha. Analitembenuza. Analiika pambali pa bedi lalikulu.

"Mwaona?" anatero Amalume. "Maso anga sanama."

Achemwali anapita pa kabati. Anakoka chitseko chake. Khu! Chinagunda bedi. Anakokanso. Khu!

"Kabati siyikutseguka," anatero Achemwali. "Ndiye ndizivala chiyani? Bulangete?"

"Musadandaule," anatero Amalume. "Tilisunthe."

Analikoka. Analikankha. Analitembenuza. Analiika kukhoma lina. Kabati inatseguka bwinobwino. Ababa anawomba m'manja. Kanyerere anavina.

Kenako kunamveka kugogoda. Go, go, go! Anali Amayi. Anabwera ndi madzi akumwa.

"Tsegulani," anatero Amayi.

Ababa anakoka chitseko. Khu! Chinagunda bedi. Anakokanso. Khu!

Ogo! Bedi linali litatseka chitseko. Onse anali mkati. Amayi okha anali kunja.

"Achimwene," anafunsa Amayi, "maso aja ali bwanji?"

Amalume anangokanda kumutu. Utuchi unayoyoka.

"Palibe vuto," anatero Ababa. "Ndikalandira madziwo. Nditulukira pazenera."

"Ababa, simukwana," anatero Kanyerere.

"Iwe, ine ndinali katswiri wolumpha."

Ababa anakwera pabedi. Mutu unatuluka. Mapewa anatuluka. Mimba inakana. Kutsogolo inakana. Kumbuyo inakana. Miyendo inkangopalasa m'mwamba.

"Kokani, alamu!" anakuwa Ababa.

Amalume anakoka. Nsapato inavuka. Amalume anagwa chagada, phi! Nsapato ili m'manja.

Achemwali anaseka mpaka misozi. Amayi anazungulira kuzenera. Anapeza mutu wa Ababa uli panja.

"Bambo a kunyumba, mwaswera bwanji?" anatero Amayi. "Imwani madzi kaye."

Ababa anamwa. Kenako onse anakoka pamodzi. Ababa anabwerera m'chipinda. Thukuta linali kamukamu.

"Ndiye titani nalo bedili?" anafunsa Ababa.

"Tiliimiritse pakona," anatero Achemwali. "Kanyerere azigona choimirira ngati tsache."

Kanyerere sanaseke. Sizinali zoseketsa.

Amalume anapumira m'mwamba. "Mwanawe, pepa," anatero. "Bedi lakana. Ndibwerera nalo."

Kanyerere anayang'ana bedi lake. Misozi inalengeza. Sanafune kuti ena amuone akulira. Anakwawa. Analowa pansi pa bedi lalikulu.

Pansi pa bedi panali mdima. Panali fumbi. Panali sokosi imodzi yakalekale. Kanyerere analira pang'ono. Kenako anagona chagada.

Anatambasula dzanja. Silinagunde kanthu. Anatambasula mwendo. Sunagunde kanthu. Anagubuduka. Anagubudukanso.

Haa! Malo onsewa?

"Amalume!" anakuwa Kanyerere. "Malo ndawapeza!"

"Ali kuti?"

"Kunsi kuno!"

Amalume anawerama. Ababa anawerama. Achemwali nawonso anawerama. Mitu itatu inasuzumira.

"Masana bedi langa lizikhala kuno," anatero Kanyerere. "Madzulo ndizilikoka."

"Likatuluka litsekanso kabati," anatero Achemwali.

"Achemwali, mukagona mumasinthanso zovala?"

Achemwali anangoseka.

"Koma miyendo yake ndi yayitali," anatero Amalume. "Silingalowe."

"Iduleni, Amalume."

"Miyendo yokongola chonchi? Ndinaipala ndekha!"

"Chonde, Amalume."

Amalume anayang'ana nkhope ya Kanyerere. Inali ndi fumbi. Inali ndi misozi. Mtima wawo unafewa.

Anasuntha bedi. Chitseko chinatseguka. Amalume anakatenga sowo panjinga. Anatsinzina diso limodzi. Anadula mwendo woyamba. Khwe, khwe, khwe! Anadula wachiwiri. Anadula yonse inayi.

Kanyerere anakhala pabedi. Bedi linapendekeka uku. Linapendekeka uko. Gwedegwede!

"Mwendo uwu watalika," anatero Amalume. Anaudula. Gwedegwede!

"Aa, ndi uwu." Anaudulanso. Gwedegwede!

"Alamu, lekani," anatero Ababa. "Mwana agona pathabwa."

Amayi anapita kuchipinda kwawo. Anabwera ndi tepi yawo yoyezera nsalu. Anaiika m'manja mwa Amalume.

"Achimwene, maso apume kaye," anatero Amayi.

Amalume anaseka mwamanyazi. Anayeza ndi tepi. Analemba ndi pensulo. Anadula bwinobwino. Tsopano bedi linakhazikika. Linali lalifupi ngati mwini wake.

"Likankhe wekha," anatero Amalume.

Kanyerere anakankha. Bedi linalowa kunsi, lonse! Anakoka. Bedi linatuluka. Anakankha. Anakoka. Anakankhanso.

Chitseko chinatseguka. Kabati inatseguka. Amalume anakwera njinga yawo. Anapita opanda katundu. Kanyerere anasangalala koopsa.

Madzulo Kanyerere anakoka bedi lake. Amayi anayala nsalu. Ababa anabweretsa bulangete.

"Gonani bwino, ana inu," anatero Amayi.

Kanyerere anagona. Anatambasula manja. Anatambasula miyendo. Panalibe theche. Koma tulo sitinabwere. Bedi linali zii.

Kumwamba, Achemwali ankangotembenuka.

"Kanyerere, wagona?"

"Ayi."

"Inenso ayi. Kuno kwazizira."

Kenako dzanja linatsika pang'onopang'ono. Linali dzanja la Achemwali. Kanyerere analigwira. Linali lofunda.

Posakhalitsa Achemwali anayamba kuliza mkonono. Bulangete linagwedezeka. Chala chaphazi chinasuzumira. Mwendo unayamba kutsika.

"Achemwali," anatero Kanyerere, "dzanja lokha. Mwendo ubwerere kwawo."

Mwendo unabwerera. Dzanja linatsala. Kanyerere analigwiritsa, ndipo tulo tinabwera.