Chipewa Chopanda Zitosi

Chisa chinali mbee.

Mayi Pyo Gyeong-suk anapukuta magalasi oonera patali n'kuyang'ananso pathanthwe. M'mawa wa Loweruka lomwelo anali ataveka timphete ana atatu a kabawi m'chisa chimenecho. Tsopano dzuwa litapendeka munatsala nthenga zokha. Make wa anawo ankazungulira m'mwamba akulira momvetsa chisoni. M'mphepete mwa phompho udzu unali utagona pomwe panadutsa chingwe.

Mayi Pyo anagwidwa nthumanzi. Chilumba cha Baramseom n'choletsedwa. Boma linkalola gulu lawo lokha loteteza mbalame kutsikapo kamodzi pachaka, kukaveka mbalame timphete ta manambala kuti zidziwike komwe zimapita. Chilolezocho anachikhetsera thukuta kwa zaka zambiri, ndipo boma linanena poyera kuti kukadzasowa ngakhale dzira, asadzapondekonso. Boti pachilumbapo linali limodzi, lawo lomwe. Wakubayo anali mmodzi wa anthu awo.

Sanachite phokoso. Anatsikira kugombe n'kukokera pambali Bambo Seol, mwini boti.

"Imbirani apolisi a padoko la Solpo. Mwakachetechete."

"Ndinene kuti wakuba ndani?"

"Tisanafike ndikhala nditamudziwa."

Ananena molimba mtima, koma analibe ngakhale poyambira.

Boti litanyamuka, mwambo wa gululo unayamba. Mbalame za m'nyanja zikaona munthu pakati pa zisa zawo zimamuthira zitosi mosanyengerera. Choncho pobwerera aliyense amaika chipewa chake pansi, ndipo mwini chipewa chonyansa kuposa zonse ndiye amayamba kumwa mowa wa mpunga. Kwa anthu amenewa zitosi ndi mendulo.

"Achemwali, chaka chino ndakupitirirani!" anafuula Mayi Yeo, mnzawo wakalekale wa Mayi Pyo. "Taonani changachi, ngati denga la khola!"

"Iwe zimakusaka chifukwa cha pakamwa pakopo," anayankha Bambo Seol ali pachiwongolero.

Anthu anafa nalo phwete. Zipewa zinandandalikidwa, fungo lili guu. Chakumapeto kunali chimodzi chooneka ngati changochoka m'sitolo.

Chinali cha Bang Tae-sik, mlendo m'gululo, amene anabwera ponena kuti amajambula mbalame. Anali waulemu wosaneneka. Bokosi la chakudya ankalimbirana kunyamula yekha, ndipo tsopano anali atalikhalira.

"Bambo Bang, masanawa munali kuti kodi?" anafunsa Mayi Pyo ngati akungocheza.

"Kumtunda kuja munandituma, mayi. Pakati penipeni pa zisa."

"Ndiye mbalame zakulemekezanitu," anatero Mayi Yeo. "Kapena ndinu apongozi awo?"

Bang anaseka kuposa onse. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mayi Pyo ankadziwa kuti pachilumba chonsecho pali malo amodzi okha omwe mbalame za m'nyanja siziyandikira: thanthwe la kabawi. Anayang'ana manja a Bang. Zikhatho zinali zosupuka ngati za munthu amene watsetsereka pachingwe. Anamuthirira mowa mwaulemu, ndi manja awiri.

Padoko anapeza Sajeni Myeong akudikira ndi apolisi awiri.

"Wodandaula ndani?"

"Ndine," anatero Mayi Pyo. "Wakuba ndi uyu."

Bang anadzuka maso ali psuu. "Umboni wake uti? Chipewa? Bwana, mayiwa dzuwa lawawotcha mutu!"

"Mayi, munthu sitimanga chifukwa cha ukhondo," anatero Sajeni.

"Bambo Seol, tazimitsani injini," anatero Mayi Pyo.

Injini inazima. M'boti monse munangoti zii. Kenaka m'bokosi la chakudya munamveka kulira kwa tiana tanjala.

Bang analumphira padoko kuti aliyatse liwiro. Mayi Yeo anangotambasula ndodo yawo yoyendera, iye n'kugwa chafufumimba pamaukonde. Unyolo wa apolisi unalira m'manja mwake.

M'bokosimo, pansi pa mbale, munali tiana titatu tokulungidwa m'masokosi, timphete tili kumiyendo. Tonse tinali tamoyo. Ku polisi Bang anaulula kuti anatumidwa ndi munthu wogulitsa akabawi kunja, ndipo analowa m'gululo pofuna njira yofikira pachilumba. Khoti linamugamula kukakhala kundende zaka ziwiri. Womutumayo anagwidwa mwezi wotsatira.

Koma Mayi Pyo sanadikire za khoti. Lamulungu m'mawa anabwerera ku Baramseom ndi Bambo Seol komanso mkulu wa boma woona za nyama zakutchire, amene anabwera nkhope ili ndwii, nkhani yolanda chilolezo ili pakamwa. Mayiwo anakana kuti wina atsike. Anadzimanga chingwe okha, ngakhale anali achikulire, n'kutsikira kuchisa tiana tili m'thumba pachifuwa.

Atangotiika, make anatsika ngati mphezi. Anawamenya pamutu, chipewa n'kugwera m'nyanja. Pamene ankawakokera pamwamba, magazi anali chuchuchu mpaka m'khosi, koma iwo akuseka.

"Mayi, mwavulala!" anakuwa mkulu uja.

"Ndiye kuti akuwafunabe ana ake. Taonani."

Pansi apo kabawi anali atatera pachisa, akunyenyera ana ake nyama. Mkuluyo anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anawerama pamaso pa Mayi Pyo.

"Chaka chamawa mudzabwerenso," anatero.

Kuchipatala cha ku Solpo dokotala anawalonjeza kuti asoka balalo bwino, chipsera chisadzaoneke.

"Ayi, adokotala," anatero Mayi Pyo. "Sokani choti chizioneka."