Kiyi Wotsekera Malemu Joan

Chinthu chachilendocho Jesinta anachiona Lolemba m'mawa, atangotsegula shopu yake yosoka madiresi aukwati ku Chilomoni. Pa tsamba la Fesibuku la shopuyo panali uthenga wopita kwa mkwati wina, wotumizidwa iye ali mtulo: "Diresi lanu musadzalitenge. Ndalivala ine. Joan."

Joan anali mkulu wake, yemwe ankasoka naye mushopumo ndipo ndiye anatsegula tsambalo. Panali patatha miyezi inayi chimuikireni m'manda, ndipo foni yake inasowa tsiku la maliro lomwelo.

Usiku wachiwiri uthengawo unapita kwa akwati atatu. Wachitatu panabwera chithunzi cha mkati mwa shopu, mdima uli bii, makina osokera akuoneka mwachimbuuzi, ndipo diresi loyera lili lende pamsomali pomwe Jesinta sanalipachikepo. Pamsika anthu anayamba kunong'onezana. Mlonda wa golosale yoyandikana ankati anamva makina akusoka okha pang'onopang'ono, kenako n'kusiya ngati wosokayo akumvetsera. Mkwati mmodzi anadzatenga nsalu yake ataima panja, osafuna kuponda pakhomo.

A Laurenti, mwamuna wa malemuyo, anabwera kudzamuona.

"Mlamu, musalimbane ndi akufa," ananong'ona. "Tsekani shopuyi. Makinawa ndikakusungireni kwathu ku Machinjiri mpaka mzimu utakhazikika."

Koma Joan amene Jesinta ankamudziwa ankagona ndi njala kuti diresi la munthu lithe pa nthawi yake. Sakanaopseza mkwati, kaya ali moyo kaya atafa.

Lachisanu madzulo, magetsi atathima, kunabwera Sheila, mnzake wa kukwaya amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Limbe. Jesinta anakhoma chitseko cha shopu n'kuyatsa kandulo. Sheila anatulutsa m'chikwama tizitsulo tiwiri tooneka ngati fulashi ya pakompyuta.

"Awa ndi makiyi otsekera tsamba lako la Fesibuku," anatero motsitsa mawu. "Pasiwedi munthu atha kuba. Nambala yobwera pafoni athanso kuilandira wina. Koma aka kamafunika kakhale m'manja mwako, ukakhudze wekha ndi chala."

Anasintha pasiwedi, anatulutsa mafoni onse amene anali atalowa mu akauntiyo, kenako analowetsa kiyi pa laputopu. Kanayamba kuphethira kuwala kobiriwira. Panja agalu anali chete, koma padenga la malata panamveka chinthu chikukwekwereza, n'kuima pamwamba pawo penipeni. Lawi la kandulo linapendama. Jesinta anapuma kamodzi, n'kuika chala pakiyipo. Analembetsanso wachiwiri uja.

"Mmodzi uzivala m'khosi, winayu ukabise kunyumba," anatero Sheila. "Usauze munthu, ngakhale a kutchalitchi."

Usiku umenewo sipanabwere uthenga. Loweruka ndi Lamulungu chimodzimodzi.

Lolemba m'mawa a Laurenti analowa mushopu maso ali psuu ngati munthu wosagona.

"Mlamu, n'zoona kuti mwamukhomera Joan kunja ndi kiyi wa pakompyuta? Mzimu satsekera. Mudziputira tsoka."

Jesinta anachotsa phazi pamakina.

"Za kiyi mwamva kwa ndani, alamu? Ine sindinauze munthu."

"Anthu akunena."

"Anthu ati? Tsambalo limafunsa kiyi kwa amene akuyesa kulowa. Ndi iye yekha amene amaona zimenezo."

Minibasi inadutsa kumsewu, kondakitala akuitanira a ku Blantyre. Dzanja la a Laurenti linapita lokha pathumba la jekete, n'kukhala pomwepo.

"Ikani patebulopo foni ya achemwali anga," anatero Jesinta osakweza mawu, "ndi kiyi wawo wa chitseko ichi. Zotsalazo mukafotokoze pamaso pa amalume madzulo ano."

A Laurenti anaziika zonse ziwiri n'kutuluka osatsanzika. Jesinta atainyamula foniyo, inali idakali yofunda.