Nsapato Ziwiri, Miyendo Inayi

Fyness anaweruka mochedwa ku chipatala cha ku Wakefield chifukwa namwino womulandira ntchito anatsekeredwa ndi sinowo kwawo. Anatuluka miyendo ili lendelende, m'mimba muli pululu. Panja anapeza mwamuna wake Ernest akudikira m'galimoto ija, yofiira, yaifupi ngati yagwada, imene anagula m'malo mwa galimoto ya banja. Fyness ankadana nayo ngati mkazi mnzake. Loweruka lililonse Ernest ankaipukuta ndi kansalu kofewa kuposa thaulo la mwana wawo Tiya.

Nkhani ya matayala inali itawayambanitsa mwezi wathunthu. Chopsetsa mtima n'chakuti Ernest ankadziwa zonse. Ndi iye yemwe ankalalikira pa tebulo kuti galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi imafuna matayala a nyengo yozizira ofanana onse, ndiponso kuti owonda pang'ono ndiwo amaluma sinowo, pomwe onenepa amangoyandama pamwamba. Koma kumbuyo kwa galimoto yake kunali matayala onenepa omwe anyamata ankawajambula ku tchalitchi, ndipo kuwachotsa kunali ngati kumumeta ndevu. Masana a tsikulo anaika owonda awiri kutsogolo, onenepa a nthawi ya dzuwa n'kuwasiya kumbuyo.

Pa raundabauti yoyamba, kumbuyo kwa galimoto kunagwedera n'kuyamba kutsetsereka ngati kukufuna kupitirira kutsogolo. Fyness anagwira chitseko. Ernest anawongola, kenaka anaseka.

"Mwaona? Yadzikoka yokha. Four-wheel drive imeneyo, mayi a Tiya."

"Imani."

"Aa, inunso..."

"Ndati imani! Mawa mukufuna kukwera zitunda za msewu wa M62 ndi mwana wanga, mpaka ku Liverpool, pa chinthu chovina chonchi?"

"Ndi birthday ya cousin wake, I promised. Ndipo matayala ndaika kale."

"Awiri! Awiri enawo anakulakwirani chiyani?"

Ernest anaima, akuganiza kuti ndi zongoopseza. Fyness anatsika n'kumenyetsa chitseko mwamphamvu, dala, podziwa kuti pamenepo m'pamene pamamupweteka mwamunayo. Analowa kanjira ka oyenda pansi kotsata mpanda wa manda, komwe galimoto singadutse. Anamva hutala kawiri, kenaka injini ikupita kutali.

Mkwiyo unamufunditsa kuposa jekete. Ankayenda akudziyankhulira, akumaliza mkangano womwe anausiya pakati. Munthu wa madigiri awiri, wowerengera makampani chuma, koma kulephera kuwerenga mpaka folo! Iye amathera usiku akutembenuza odwala, ena a iwo othyoka pa misewu yomweyi, ndiye bambo wa mwana wake akuika moyo wa Tiya pa chikole kuti galimoto izioneka bwino kumbuyo. Akafika kunyumba, Ernest aona chomwe chinameta nkhanga mpala.

Mpanda wa manda unali wautali. Mitanda yamiyala inkasuzumira pamwamba pake, uliwonse utavala chipewa choyera. Fyness sankaopa manda. Anthu akufa anali atawasambitsa ambiri. Koma atafika pakati anazindikira kuti phokoso la mzinda latha. Basi kunalibe. Galu kunalibe. Kunatsala nsapato zake zokha pa sinowo, tswa... tswa... tswa...

Kanjirako kanatulukira pa msewu wakale wopita pa mlatho. Nyale imodzi inkayaka, ina itafa. Pansi pa yakufayo panali munthu.

Anali atanjuta m'mbali mwa msewu, atavala suti yopanda jekete la mphepo. Dzanja lake linkasisita m'malere mozungulira, ngati mmene amachitira munthu wowerenga manambala pa tayala. Koma galimoto panalibe.

"Kutsogolo 225," anatero munthuyo osadzutsa mutu. "Kumbuyo 245."

M'Chichewa! Fyness anaima. Amalawi a ku Wakefield amadziwana onse mpaka tsiku lomwe wina waphika usipa, koma uyu sanamuonepo. M'malo mwa mantha, unabwera ukali. Mwamuna winanso, nkhani yomweyo ya matayala, pakati pa usiku!

"Wakutumani ndi Ernest? Mukamuuze kuti ine si mwana. Ndatopa nawo manambala anuwo!"

Munthuyo anadzuka pang'onopang'ono. Nkhope inali ya bambo wabwinobwino, wa kanzeru pakati pa mano, koma maso ake anali ofiira ndi mkwiyo woposa wa Fyness.

"Amuna anu avala nsapato zanga, mayi."

"Nsapato zanji?"

"Nsapato ziwiri, miyendo inayi. Kutsogolo kugwira, kumbuyo kuthawa. Anawauza ndani kuti atenge? Ndani!"

Mawu omalizawo anagunda khoma la manda n'kubwerera. Apa m'pamene Fyness anaona chinthu. Mpweya wake unkatuluka m'kamwa ngati utsi, monga zimakhalira kukazizira. Pakamwa pa bamboyo panalibe kanthu. Anali atakuwa ndi mphamvu zonse, koma utsi ayi. Chifuwa chake sichinkakwera. Sichinkatsika. Namwino sasokoneza munthu wopuma ndi wosapuma.



"Onse anayi ofanana," anatero bamboyo, tsopano motsitsa. "Apo ayi, Tiya asakwere."

Dzina la mwana wake... Fyness sanalitchule kwa bamboyo!

Bamboyo anayamba kuchoka, koma osatembenuka. Ankapita chambuyo. Mapazi osanyamuka. Ankangotsetsereka, maso ali pa Fyness, manja atagwira chiwongolero chosaoneka. Liwiro linakula. Anazungulira kamodzi... kawiri... Kenaka msana wake unakagunda chipupa cha mlatho.

Phwaa!

Magalasi, zitsulo, zonse zinamveka. Koma pa mlatho panali mbee. Munthu panalibe. Pa sinowo panalibe phazi ngakhale limodzi, koma mizere inayi ya matayala: iwiri yowonda, iwiri yonenepa yodutsa chopingasa, yonse kukathera pa chipupa. Pamenepo, pa chitsulo, panali maluwa apulasitiki ofwifwa, omangidwa ndi waya wadzimbiri.

Fyness anathawa. Anagwa, anadzuka, anathawanso. Chikwama chinkamumenya m'nthiti koma sanachimve.

Galimoto anaipeza pakhomo, itakhala phee ngati sinalakwe. Asanalowe m'nyumba anagwada pa sinowo n'kuyatsa tochi ya foni. Tayala lakumbuyo: 245. Lakutsogolo: 225. Ndipo m'mbali mwa lakutsogololo munali zilembo za choko chachikasu, zija amalemba osunga matayala kuti asasokonekere. Zinali zitafufutika pang'ono, koma zinkawerengeka: HERBERT.

Ernest anali pa sofa, atafunda gombeza, nkhope ataikonzeratu ya munthu wolakwiridwa. Ataona maondo a mkazi wake atanyowa, anadzuka.

"Matayala aja mwawatenga kuti?" anafunsa Fyness.

"Tayambanso? Khalani pansi kaye, mumwe tiyi..."

"Bambo a Tiya, ndakufunsani funso."

"Kwa aunt Shirley, ku Salford. Amangokhala m'garaja. Anati nditenge, akuwasowetsa mtendere."

"Herbert ndi ndani?"

Ernest anakanda m'mutu. "Malemu amuna awo. Ankakhala konkuno ku Wakefield, ife tisanabwere. Chithunzi chawo chili pa khoma kwa aunt Shirley konko, bambo a kanzeru pa mano."

Fyness anagwira khoma. "Anamwalira bwanji?"

"Ngozi. Pa mlatho uja wa kuseri kwa manda, papita zaka seveni. Koma musayambe zamizimu, please. Matayalawo alibe vuto lililonse. Galimoto yawo inagunda ndi kumbuyo, akutsogolowa sanakhudzidwe n'komwe."

"Anali angati m'garajamo?"

"Awiri. Ndi omwe malemuwo anagula, akumbuyo anasiya akale." Ernest anatambasula manja ngati wogulitsa pa msika amene akutamanda katundu wake. "Ndi atsopanotu, Fyness. Brand new. Anangoyendera usiku umodzi wokha."

Anamaliza kunena, ndiyeno anamva zomwe wanena. Manja aja anatsika okha.

Fyness sanakuwe. Mkwiyo wake unali utapitirira pofuna phokoso. Anatola makiyi a galimoto pa tebulo, anawaika m'thumba la yunifomu, n'kukwera masitepe. Anatsegula chitseko cha Tiya pang'ono, naima mpaka ataona bulangete likukwera ndi kutsika, likukwera ndi kutsika. Chovala cha ku phwando chinali chitapachikidwa pa mpando, nsapato ziwiri zazing'ono zitayalidwa pansi pake.

Anakhala pansi pakhomopo, msana utatsamira chitseko, jekete lonyowa lili m'thupi. Ernest anaima m'munsi mwa masitepe.

"Mwakumana ndi ndani ku mlathoko?" anafunsa monong'ona.

"Mwini wake wa nsapato mwavalazo," anatero Fyness. "Ndikhulupirira iyenso ankati galimoto idzikoka yokha."